Utsi wa m'botolo wa bambo Daka

Ku komboni ya Nkwazi kunalibe munthu woyenda ndi zolembera zambiri m'thumba la malaya kuposa bambo Anock Daka. Ntchito yawo inali yoyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo zokometsera zakudya ku Heavy Industrial Area, koma mukawafunsa ankayankha kuti ali m'gawo la sayansi ya chakudya. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo kunyumba mawu awo sankabwezedwa.

Mwana wawo woyamba, Tinenenji, anali atapeza mwamuna, Collins, mnyamata wachibemba wa ku Kitwe. Akuchimuna anapempha chilanga mulilo, mwambo umene akuchikazi amaphika ndiwo zamitundumitundu n'kupita nazo kwa mkamwini kuti alawe za kwawo kwa mkazi wake. A Daka analamula kuti mphika waukulu ukhale wa nyama yowamba yotendera, monga amaphikira kwawo ku Katete, kuti Abemba adziwe kuti kum'mawa nakonso kuli anthu.

Mwendo wa ng'ombe unagulidwa kutatsala sabata. Mkazi wawo, amake Tine, anaidula nyamayo mizeremizere n'kuyamba kukoleza mbaula.

"Zimitsani motowo," anatero a Daka. "Mufuna pakhomo pano panunkhe ngati pamsika wa nsomba? Dziko linapita patsogolo, amake Tine."

Anatulutsa botolo lakuda m'chikwama n'kuliimika patebulo ngati mphotho.

"Uwu ndi utsi. Anaugwira, n'kuusandutsa madzi."

"Utsi umagwidwa, atate a Tine?"

"Ndi ophunzira. Alemba apa kuti umakhala zaka ziwiri osawonongeka. Nanga nyama yosamba utsi wa zaka ziwiri ingalephere sabata imodzi?"

Utsi wa m'botolo ulipodi, ndipo suwonongeka msanga ukatsekedwa bwino n'kuikidwa posafika dzuwa. Opanga masoseji amadontheza pang'ono chabe, ena amathira timadontho m'nyemba kapena m'msuzi, kuti chakudya chimveke ngati chadutsa pamoto wa nkhuni. Koma ntchito yake ndi fungo basi. Chimene chimasunga nyama yowamba ndi moto umene umaiumitsa. Ogula mabotolowo ankadziwa zimenezi, ndipo ankadutsa pamaso pa a Daka tsiku ndi tsiku kuntchito. Kungoti munthu wa zolembera zambiri safunsa kasitomala.

Anathira theka la botolo panyama yaiwisiyo, anaisakaniza ndi manja, n'kuitsekera m'chidebe cha pulasitiki. Magetsi ankangozimazima, choncho furiji inali kabati chabe. Chidebe chinakhala pakona ya khitchini, m'dzuwa la Okutobala lowotcha malata.

Tsiku lophika linafika, ndipo amayi a chigwirizano cha kutchalitchi anabwera m'mamawa ndi zitenje zofanana. Atavundukula chidebe, nyimbo imene ankaimba inathera pakhosi. Fungo la utsi linatuluka koyamba, laukali ngati nyumba yapsa. Pansi pake panali fungo lina limene aliyense analidziwa.

"Nyama iyi yatisiya, amake Tine," ananong'ona mayi wina. "Onani, ikuterera."

A Daka anamva ali pakhonde. Analowa, ananunkhiza, nkhope yawo osagwedezeka.

"Ndi mmene imamvekera isanakhwime. Mphuno zanu zinazolowera makala."

Anathiramo utsi wotsala wonse. Kenako analamula kuti awakazingire kachidutswa, ndipo anakatafuna amayi onse akuona, n'kumeza ngati munthu womeza lumbiro. Mkulu wa mpingo atadya, ndani akanatsutsa? Nyama inaphikidwa, nsinjiro zinathiridwa, mphika unamangidwa m'nsalu. Amayiwo akukwera minibasi ya ku Kitwe, a Daka anauza mkazi wawo kuti mkamwini ayambire mphika umenewo.

Mwambo sulola bambo wa mkwatibwi kupita nawo, choncho anatsala pakhonde ndi foni pamwendo, kudikira kuyamikidwa. M'mimba munayamba kulira ngati lole yokwera phiri. Iwo anati ndi chisangalalo.

Dzuwa lisanapendeke, minibasi inabwerera. Munalibe ng'oma, munalibe nthungululu. Amake Tine anatsika ndi mphika uja m'manja n'kuutula pamapazi pa mwamuna wawo.

"Mwabwerako msanga," anatero a Daka. "Yawachepera?"

"Mlangizi wawo atamasula nsalu, fungo linadzaza nyumba yonse. Mwana wa eni ake ndi waulemu, atate a Tine. Anamupatsa, anatsegula pakamwa, anameza. Kenako anasanza pamphasa, amalume ake onse akuona."

Amake Tine anapitiriza.

"Azakhali ake anandifunsa chimene taikamo. Ine sindinama. Ndinati bambo a mwana anathira madzi akuda a m'botolo."

"Munawauza kuti ndi sayansi?"

"Iwo ati ndi mankhwala. Ati tafuna kumupusitsa mwana wawo kuti azingoti inde kwa Tine moyo wake wonse. Miphika ina sanaitsegule n'komwe. Atibweza nayo."

Tinenenji anali ataima pakhomo la chipinda. Sanalire. Anangoyang'ana atate ake, n'kubwerera m'kati, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. A Daka anafuna kumutsatira, koma mimba inawalozera njira ina, ndipo anathamangira kuseri kwa nyumba atagwira lamba.

Atapezako mphamvu anapita ku Kitwe ndi botolo lopanda kanthu. Anagwada pamaso pa amalume a Collins, munthu amene kale ankamutchula kuti wogulitsa matayala chabe. Anafotokoza za utsi, za zaka ziwiri, za kupita patsogolo kwa dziko. Mkuluyo anatembenuza botolo uku ndi uku n'kuwabwezera, akuwatchula mwaulemu wa Chibemba kuti mukwai.

"Kuti si mankhwala tamva, mukwai. Koma musanadyetse mwana wathu, munafunsako ndani?"

A Daka anayang'ana pansi.

"Ndiye mutipatse nthawi. Nyumba imene bambo amawoletsa nyama, anthu onse n'kuphika ali chete, tifuna tiione bwino tisanatumizeko mwana."

Lamulungu lotsatira inali nthawi ya a Daka yowerenga zolengeza m'tchalitchi. Anawerenga za kwaya, za maliro a ku Chifubu, za tsiku losesa bwalo. Kenako, ndi mawu aang'ono amene mpingo unali usanawamvepo, analengeza kuti ukwati wa Tinenenji Daka ndi Collins waimitsidwa kaye, ndipo tsiku lina silinadziwike. Amayi a chigwirizano anaweramitsa mitu. Pa benchi pamene Tinenenji ankakhala panalibe munthu.

Akuluakulu sanalakwe pamene anati safunsa anadya phula. A Daka anadya lawo, n'kudyetsako ndi mwana amene sanalakwe kanthu.