Mbande za M'ndowe za Njovu

Kalekale, inu ana ndi inu akulu mwakhala kumbuyoko, Gologolo, mkazi wake ndi ana awo awiri ankakhala m'mphako ya mtengo wa mfula. M'mawa wina mkaziyo anati mutu ukumuwawa, agoneko pang'ono. Gologolo anatsika kukatunga madzi m'chigoba cha nkhono. Ali kudambo anamva kuti gwaa! Kenako phuu! Njovu anali atagwetsa mtengowo kuti adye zipatso zitatu za kunsonga. Anadya ziwiri. Chachitatu anati n'chosapsa.

Maliro a mkazi wake atatha, Gologolo anasamutsira ana aja, amene anapulumuka, mu mfula wina. M'dera lonselo unali utatsala umenewo basi, ndipo Njovu ankaudutsa tsiku ndi tsiku akuuyeza ndi diso.

Gologolo anapita kukadandaula kwa Njovu. Ananena za mvula, kuti imathawa dziko lopanda mitengo. Njovu anati mvula ya chaka chamawa siikhutitsa lero. Ananena za mthunzi wa adzukulu. Njovu anati adzukuluwo adzabadwa ndi makutu awo, adzadzikupiza okha. Za mkazi wake Gologolo sananene.

Pobwerera anaona mulu wa ndowe za Njovu. Pamwamba pake panali patamera kambande ka mfula, masamba awiri, Gwape akukanunkhiza. Gologolo anakhala pansi, anayang'ana nthawi yayitali. Kenako anabwerera kwa Njovu, akuyenda ngati wonyamula uthenga wa zovuta.

"Pepani, akuluakulu. Akukuberani."

"Kundibera ine? Ndili ndi chiyani ine?"

"Mtengo wanu uja munadzala mwezi watha. Gwape akuudya."

Njovu anati sakukumbuka kuti anadzalapo kanthu chibadwire. Gologolo anamutengera pa mulu paja, n'kufunsa mwaulemu ngati m'dziko muno muli wina wotha kusiya mulu wotere. Njovu ananunkhiza. Anavomera kuti ntchitoyo inalidi yake.

"Ndiye kuti kamtengoka ndi kanga?"

"Kanukanu. Kochokera m'thupi."

Njovu anakweza chitamba n'kukuwa. Gwape liwiro, fumbi koboo.

Kuyambira pamenepo Gologolo ankabwera m'mawa uliwonse ndi nkhani yoipa. Milu isanu kuseri kwa chulu, milu khumi kudambo, yonse yamera, yonse ili pangozi. Sankanena zimene Njovu adzapindule. Ankangonena zimene ataye. Njovu anaonda. Ankayenda monyang'ama, nyang'anyang'a, nyang'anyang'a, akupepesa masamba. Kugona pansi analeka, poti pansi ponse panali chuma chake. Mvuu atabwera kudzacheza anamupeza atayima ndi miyendo itatu, wachinayi uli m'mwamba kuyambira dzana, chifukwa pansi pake panali patamera kena.

Koma njala ilibe manyazi. Tsiku lina Njovu anayima pansi pa mfula wa Gologolo n'kutsamiritsa mphumi pa thunthu. Mtengo unalira, kwee, kwee. Ana m'mphako anagwirana.

Gologolo anasuzumira.

"Gwetsani, akuluakulu, palibe wokuletsani. Kungoti ukagwera uku upha mbande zanu makumi atatu. Ukagwera uko, makumi anayi. Musankhe nokha."

Njovu anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anachotsa mphumi pang'onopang'ono. Anakalipira Gologolo chifukwa chokhala mumtengo woopsa chotere pakati pa munda wa eni ake. Atatha kukalipa anatuta miyala n'kuunjika kutsinde kuti mphepo isaugwetse, ndipo anapita kukadya udzu, nyang'anyang'a.

Mukafuna kuti wadyera asamale nkhalango, ana inu, musamuuze kuti ndi ya tonse. Muuzeni kuti ndi yake, ndipo wina akumubera.

Nthano yanga ndayisenza mpaka pano, nayi ndayitula. Ana a Gologolo anakulira mu mfula uja, anakwatira momwemo. Gologolo mwini sanalowenso m'mphako chimwalirire mkazi wake; ankagona pansi, panja, mpaka anakalamba.