Milu Iwiri ya Njerwa

Panali munthu wina, dzina lake Binwelo, amene nyumba yake inang'aluka kuyambira pamaziko mpaka kudenga. Aliyense ankaona kuti siidzapirira dzinja lina. Choncho m'chilimwe anagwirizana ndi mlamu wake Layisoni, mwamuna wa mlongo wake, kuti aumbe njerwa pamodzi. Dothi anaponda limodzi, chikombole chinali chimodzi, uvuni unalinso umodzi.

Binwelo sanali waulesi, ayi ndithu. Nthenda yake inali nsanje. Mnzake akaseka, iye ankamva ngati amubera kanthu.

Inu mukudziwa mmene uvuni umakhalira. Njerwa za pafupi ndi moto zimapsa bwino, ukazigogoda zimalira kuti ngwe. Za m'mphepete ndi pamwamba zimangofiira kunja, mvula ikazimenya zimabwerera kudothi. Ndiye uvuni utazizira, pogawana panavuta.

Layisoni anati angowerenga, imodzi uku imodzi uko. Binwelo anakana, nati njerwa sizifanana. Layisoni anati achite maere. Binwelo anakana, nati mwayi umakondera. Layisoni anati nanga aitane mmisiri adzawagawire. Binwelo anakananso, poti mmisiriyo ankapemphera mpingo umodzi ndi Layisoni. Dzuwa linafika paliwombo anthu akulimbana, njerwa zili phee.

Apa Nagama, mlongo wake wa Binwelo uja, anatopa nazo.

"Achimwene, njira iliyonse mukuikana," anatero. "Tasiyani kaye za njira. Tiuzeni, kugawa kwachilungamo kuyenera kukhala kotani?"

Binwelo anawerenga ndi zala. Choyamba, pasatsale njerwa yopanda mwini. Chachiwiri, pasalowe mwayi kapena munthu wapadera. Chachitatu, pomaliza aliyense akayang'ana mulu wa mnzake, asanene kuti ndiwo wabwino kuposa wake. Layisoni anavomera zonse zitatu.

Nagama anatenga njira zija nkuziyesa imodziimodzi pa mfundo zitatuzo. Maere anagwa pa yachiwiri. Mmisiri anagwera pomwepo. Kuwerenga kunagwa pa yachitatu. Pa njira zonse zimene anaziganiza panatsala imodzi yokha: wina agawe milu iwiri, winayo asankhe. Wogawa sangadandaule, poti wagawa ndi manja ake. Wosankha sangadandaule, poti watenga chimene maso ake akonda.

Binwelo anati agawa ndi iye, ndipo anagawa mochenjera. Njerwa zopsa bwino anaziunjika pa mulu waung'ono, zongokwanira makoma a nyumba yake. Zosapsa zonse anaziunjika pa mulu waukulu, chimulu choti munthu nkubisala kuseri kwake. Mumtima ankati, mlamu wangayu ndi wokonda zambiri, athamangira chachikulu.

Ndipo zinaterodi. Layisoni anazungulira milu ija, nagogoda njerwa ziwiri zitatu, nkuloza waukulu. Binwelo anatsala ndi njerwa zimene ankazilota. Nkhani ikanathera pomwepa, bwenzi lero akugona m'nyumba yabwino.

Koma Layisoni ananyamuka akuimba mluzu.

Mluzu umenewo unamulowa Binwelo ngati munga. Munthu wopusitsidwa amaimba mluzu? M'mawa mwake anadzera dala kwa mlamu wake. Anamupeza akututa njerwa pa wilibala, akuseka ndi mkazi wake. Mtima wa Binwelo unawawa. Anabwerera kwawo, nakhala pansi kuyang'ana mulu wake. Dzulo unali wokwanira, lero unkaoneka wochepa. Anayamba kudziuza kuti mwina moto unafika mpaka m'mphepete, mwina njerwa zija zinapsa zonse, iye ndiye wapusa. Kukagogoda ngakhale imodzi kuti amve, sanapite. Wansanje safuna umboni, abale, amakhala ataweruza kale.

Tsiku lachitatu anapita kwa Layisoni atakwinya nkhope.

"Alamu, mwandidyera masuku pamutu. Tisinthane."

"Ha! Alamu, si inu munagawa?" anadabwa Layisoni. "Ine nyumba yanga ndi yofolera kale. Ndikungofuna kudula zipinda m'kati, kumene mvula sifika, ndiye ndinasankha zambiri. Izi sizingaime panja. Zanuzo ndiye za makoma."

Anali kunena zoona zokhazokha. Koma Binwelo anamva ngati munthu akutchinjiriza chuma chake, ndipo anaumirira koposa.

Nagama anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, mfundo zanu zitatu zija, yaphwanyidwa ndi iti?"

"Palibe," anayankha Binwelo. "Koma bwanji akusangalala kuposa ine?"

Layisoni anangoti, "Chabwino, tengani. Koma tikasinthana lero, tasinthana." Anabweza zonse zimene anatuta, natenga mulu waung'ono uja. Zipinda anadula ziwiri m'malo mwa zitatu, ndipo mluzu sanasiye.

Binwelo anamanga ndi chimulu chake. Nyumba inakula kuposa mmene anaganizira poyamba, anthu odutsa nkumaima kuiyang'ana. Anagwetsa yakale ija kuti atengeko mitengo ya denga. Asanafolere, mvula yoyamba inagwa masiku awiri osakata. Makoma anayamba kusungunuka, madzi ofiira nkumayenda pabwalo. Tsiku lachitatu khoma la kum'mawa linagwa lonse, lina nkutsatira. Dzinja limenelo Binwelo ndi banja lake analibe kolowera. Anakagona kwa Layisoni, m'chipinda chatsopano, chomangidwa ndi njerwa zopsa bwino zimene iye mwini anazikana.

Tsono inu amene mwakhala pano, mawa mudzagawana munda, mbuzi, katundu wa malemu. Khalani pansi, mugwirizane mfundo musanakhudze kanthu. Nzeru imeneyo ndi yabwino, ndipo mfundo zabwino zimatha kukusiyirani njira imodzi yoongoka. Koma mfundo zimayeza milu, siziyeza nkhope. Palibe kagawidwe pansi pano kamene kangaletse mnzanu kusangalala ndi gawo lake. Mukalandira chimene munachifuna, mtima nkumawawabe, musafufuze pa mulu wa mnzanu. Dzifunseni kuti, kodi ndimafuna nyumba, kapena ndimafuna kuti mlamu wanga alire?