Tambala Saperekedwa kwa Wofunda Chitenje

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo Mataka, wokhoma zidebe pamsika. Chuma analibe, koma anali ndi dzina labwino. Uthenga ukachokera pa nambala ya a Lufeyo, abale ankaukhulupirira osafunsa kawiri. N'chifukwa chake mwana wa mlongo wawo, Fanuwelo, atapeza mbeta, banja lonse linati nkhoswe ndi iwowa. Ndalama za ukwati nazonso abale ankazitumiza pafoni yawo.

Tsiku la chinkhoswe linakwana. Kwa akuchikazi anthu anadzaza bwalo, ena mpaka kukhala pamitondo. Nthungululu zinali ponseponse. A Lufeyo anavala jekete lawo la kutchalitchi, tambala wofiira ali m'khwapa, kudikira nthawi yomupereka. Ankayenda ngati ukwatiwo ndi wawo.

Mwambo uja mukuudziwa. Akuchikazi satulutsa mwana wawo poyera. Amabweretsa anthu ofunda zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna avundukule ndi kuona ngati alidi amene adzera. A Lufeyo anavundukula woyamba. Anali azakhali ake a mtsikanayo, imvi mbuu, akusekerera ndi dzino limodzi.

"Si ameneyu!" linakuwa bwalo lonse, anthu ali kugwa ndi phwete.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba. A Lufeyo anasiyira nkhoswe yaing'ono kuti ipitirize, iwo n'kuzembera kuseri kwa nyumba, tambala akadali m'khwapa.

Mawu a pafonipo anali ofatsa, aulemu, ngati a mwana woleredwa bwino.

"Ndikulankhula ndi bambo Lufeyo Mataka? Kuno ndi kukampani ya foni. Pepani kukusokonezani, bambo, koma nambala yanu itsekedwa lero. Kalembera wake ali ndi vuto. Ikatsekedwa, ndalama zili mmenemo zipita nayo limodzi."

A Lufeyo anachita mantha. Ukwati wonse wa Fanuwelo unali m'foni imeneyo. Akanawauza chiyani mlongo wawo?

"Musade nkhawa, bambo, ndikuthandizani pompano," anatero mawuwo. "Mundiwerengere nambala ya chiphaso chanu cha unzika ndi tsiku lanu lobadwa. Kenako mulandira uthenga wa manambala, mundiuze, pamodzi ndi nambala yanu yachinsinsi. Koma fulumirani, tili ndi mphindi zitatu zokha."

Mukanawaona a Lufeyo! Foni anaipana ndi phewa, tambala akuphupha m'khwapa, dzanja linalo likufufuza m'thumba la jekete. Chiphaso chinatuluka. Anachitambasulira patali kuti manambala aoneke bwino, n'kutsegula pakamwa.

Asanatchule nambala yoyamba, kubwalo kunaphulika phokoso. Nkhoswe yaing'ono ija inali itavundukula wachiwiri, ndipo m'chitenjemo munatuluka mchimwene wake wa mtsikanayo, ndevu pepeya.

"Si ameneyu! Si ameneyu!"

A Lufeyo anaima chilili. Anayang'ana chiphaso, anayang'ana foni, anayang'ana tambala. Kenako anayamba kuseka.

"Achimwene," anatero, "mwandipeza pachinkhoswe. Kuno tambala sitipereka kwa munthu wofunda chitenje. Timavundukula kaye. Inu nkhope yanu sindikuiona. Lolemba ndibwera ndekha kuofesi kwanu, chiphaso chili m'manja, tidzaonane maso ndi maso."

"Bambo, Lolemba ndi kutali! Ndalama zanu zipita!"

"Ngati muli akampani, nambala yanga muli nayo, dzina langa muli nalo. Nanga yachinsinsiyo mukuifuniranji?"

Ulemu uja unathera pomwepo. Mawu ofatsa anasanduka aukali, mpaka kutukwana. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. A Lufeyo anadula foni, chiphaso n'kubwezera m'thumba.

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Pobwerera kubwalo ankadzifunsabe. Nanga atakhala kuti munthu uja amanena zoona? Koma anapeza wachitatu ataima pakati pa bwalo, akunjenjemera m'chitenje. Anagwira nsonga ya chitenjecho, n'kuchikweza pang'onopang'ono. Anali Ndaziona, mbeta ya Fanuwelo, atazolika ndi manyazi.

"Ndi ameneyu!"

Nthungululu zinang'amba thambo. A Lufeyo anapereka tambala, analandira thadzi, ndipo anavina mpaka jekete la kutchalitchi kusosoka m'khwapa. Dzuwa linalowa, foni ikugwirabe ntchito. Kunacha Lamulungu, ikugwirabe.

Lolemba m'mawa anapita kuofesi ya kampani ija monga analonjezera. Mayi wa pakauntala anaona chiphaso, anaona nkhope yawo, n'kuyang'ana pakompyuta.

"Nambala yanu ilibe vuto lililonse, bambo. Ife sitiimbira munthu kumufunsa nambala yachinsinsi. Ngakhale ine, muli pamaso panga pano, sindingakufunseni. Mukanapereka zonse zija, nambala yanu ikanakhala yawo. Akanakokolola ndalama, kenako n'kuyamba kulembera abale anu m'dzina lanu kuti, 'Ndagonekedwa kuchipatala, tumizani kangachepe.'"

Apo a Lufeyo anaganizira mlongo wawo, mayi ake a Fanuwelo. Iwo aja akanagulitsa mbuzi yawo tsiku lomwelo, osafunsa, chifukwa uthenga wachokera kwa achimwene. Ndipo wowabera akanakhala Lufeyo, Lufeyo mwini osadziwa. Anatuluka muofesimo akuthokoza Mulungu, ndipo panjira ankangoseka okha. Ukwati unachitika mwezi wotsatira, anthu anadya mpaka kusiya.

Tsono inu amene mukundimva, aliyense wokuimbirani foni ndi wofunda chitenje. Mwina ndi Ndaziona, mwina ndi wandevu uja. Kudziwa dzina lanu si umboni, pakuti dzina limadziwika ndi msika wonse. Ulemu si umboni, akuba nawonso analeredwa. Akayamba kukuthamangitsani, akafuna chiphaso, tsiku lobadwa, manambala a mu uthenga kapena nambala yachinsinsi, dziwani kuti sakufuna ndalama zokha. Akufuna kuvala dzina lanu, akabere nalo amene amakukondani.

Dulani foni. Pitani nokha kuofesi, kapena imbani nambala imene mukuidziwa kale. Woona sakwiya ndi kuvundukulidwa, amadikira mpaka Lolemba. Kufikira mutaona nkhope, tambala akhale m'khwapa.