Malisiti Anali kwa Azakhali

M'mawa uliwonse Shepherd ankatuluka m'nyumba yake ya lendi ku Braunstone, mumzinda wa Leicester, atavala jekete lachikasu la kuntchito, n'kukwera basi ngati munthu wothamangira shifiti. Koma ntchito yonyamula katunduyo inali itatha kalekale. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankadalira ndalama zimene boma limapereka kwa osowa ntchito, ndipo chinsinsichi anachifungatira ngati dzira. Chifukwa chake chinali Anganile, namwali wa mawu ofatsa amene anamulonjeza ukwati. Chinkhoswe chinali pafupi, ndipo mumtima mwake ankati palibe banja lingapereke mwana wake kwa lova.

Tsoka silinunkha. M'miyezi yomweyo bambo wina wa kumpingo anamwalira, ndipo Amalawi a mu Leicester anasonkha kuti thupi likagone kumudzi. Poti Shepherd ankadziwika ndi manja oyera, zopereka zonse zinadzera mu akaunti yake. A kuofesi yopereka ndalama za osowa ntchito ataona ndalama zochuluka choncho anati ndi chuma chake chimene anabisa, n'kumulembera kuti abweze zonse zimene analandira. Iye anachita apilo mwakachetechete, ndipo anamupatsa tsiku lokaonekera kwa woweruza.

Kutatsala sabata imodzi, anapitanso ndi mapepala ake kwa mnzake Javed, mwini golosale ku Spinney Hill, yemwe makolo ake anachokera ku Limbe. Javed anawayala pamwamba pa firiji n'kupukusa mutu.

"Achimwene, nkhaniyi ndi yaing'ono. Mndandanda wa osonkha ndi malisiti a ndege yonyamula bokosi zili kuti?"

"Zili ku Evington kwa amayi a Fyness. Ndiwo anali apampando a komiti ya maliro."

"Ndiye mukudikira chiyani? Kakwereni basi."

"Amenewo ndi azakhali ake a Anganile. Ndikapempha malisiti andifunsa chifukwa."

"Muwauze."

"Kuti ndine lova? Chinkhoswe ndi mwezi wamawa, a Javed."

"Nanga woweruza mukamuonetsa chiyani, nkhope? Kuno safuna 'ndikhulupirireni', amafuna pepala. Lolemba munabwera, Lachitatu munabweranso, funso lomwelo, yankho lomwelo. Chimene chikutha pano ndi tiyi wanga basi."

Shepherd sanamve. Iye anali ndi nzeru yakeyake. Pa fomu ya apilo anali atapempha womasulira, poganiza kuti akafotokoza mwambo wa chipepeso m'chinenero cha amayi ake, lilime lichita zimene pepala likanachita. Sabata yonse anayeserera mawu ake m'basi, milomo ikugwedera ngati wopemphera. Anganile atamufunsa chimene chikumuondetsa, iye anangoti, "Mashifiti awa, wokondedwa."

Tsiku litafika anakhala m'chipinda chodikirira, tayi ikumutsamwitsa, envelopu yopyapyala ili pamwendo. Kalaliki anamuitana n'kumuuza kuti womasulira wafika kale. Atalowa, anayang'ana kumene kunali womasulirayo. Pampando wa pambali panali amayi a Fyness, magalasi ali pamphuno. Shepherd anali ataiwala kuti olankhula Chichewa m'dera lino ndi owerengeka ngati zala, ndi kuti mayiwa, akakhala pa ofu kuchipatala, amagwirako ganyu yomasulira.

Woweruza anali atatchula kale mutu wa nkhani, woti Shepherd ankalandira ndalama za osowa ntchito. Amayi a Fyness anamuuza mwaulemu kuti munthuyu amamudziwa, choncho sangamumasulire. Mlandu unaimitsidwa mpaka tsiku lina.

Panja kunkawaza kamvula. Mayiwo anatsegula ambulera osamupatsako malo.

"A Shepherd, malisiti aja ali m'kabati yanga, m'chikwama cha pulasitiki. Mukanangogogoda."

"Ndinkachita manyazi, azakhali."

"Ntchito imatha. Nanenso inanditherapo, ndinatsuka mbale chaka chathunthu. Koma inu mwakhala patebulo panga Lamlungu lililonse kundisimbira za abwana anu ovuta, ine n'kumakuwonjezerani ndiwo kuti mupeze mphamvu. Mumatitenga ngati ana?"

Malisitiwo anamupatsa ndithu, pamodzi ndi kalata yosainidwa ndi komiti yonse. Pa tsiku latsopano la mlandu woweruza anangowerenga mapepalawo, kufunsa mafunso awiri, n'kugamula kuti ndalamazo sizinali za Shepherd. Nkhani imene inamudya mnofu miyezi yonseyi inatha tiyi asanazizire.

Anathamangira kwa Anganile ndi maluwa. Namwaliyo anamulandirira pakhomo, manja atapinda.

"Lova ndikanakwatiwa naye, ndipo ndikanavina mpaka nsapato kuthyoka," anatero motsitsa mawu. "Koma amene ndinkamudikira madzulo aja kuti aweruke, n'kumamumvera chisoni kuti watopa, anali ndani? Ameneyo sindikumudziwa."

Chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono, mopanda mkwiyo. Holo imene anabwerekera chinkhoswe anaibweza, ndipo mpingo wonse umene ankaubisira unamva zonse tsiku limodzi. Akuluakulu sananame: mukabisa matenda, maliro tidzamva.