Mkamwini Amene Maliro Ake Sanamveke Kwawo

Kalekale, dziko lisanadzaze anthu, midzi inkasamuka. Minda ikaguga, chitsime chikaphwa, anthu ankanyamula mitondo, mbewu ndi nkhuku zawo n'kukamanga kwina. Kumbuyo ankasiya bwinja.

Tsono mvetsetsani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa mudzi wa Kanyerere sankasamuka amoyo okha ayi. Tsiku lonyamuka lisanafike, ankafulula mowa n'kupita nawo kumanda. Kumeneko mwinimbumba, ndiye kuti mwamuna wamkulu woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ankatchula akufa mmodzimmodzi. Ankanena dzina. Ankanena zimene munthuyo ankachita ali moyo. Ankanena mmene anapitira. Wotchulidwa ankanyamuka ndi mudzi. Wosatchulidwa ankatsala pabwinja yekhayekha, udzu n'kumera.

Pamudzipo panali mayi wina, dzina lake Mwandida. Imvi zinali zitayamba kuoneka m'mutu mwake. Bambo ake, a Kamphinda, anamwalira iye ali namwali, ndipo dzina lawo linali lisanatchulidwepo pa mowa uliwonse wa akufa.

Chifukwa chake chinali ichi. A Kamphinda anali mkamwini. Kwawo kunali ku Mlombwa, kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa mapiri. Ku Kanyerere anangodzakwatira. Ndipo mwa makolo, mkamwini amalima kwa mkazi, amabereka kwa mkazi, amakalamba kwa mkazi, koma eni ake a mzimu wake ndi alongo ake.

Chaka china kunagwa nthomba. Midzi inatseka njira ndi minga. Adzukulu, anthu a mudzi woyandikana amene ankabwera kudzakumba manda, anakana kubwera. Amene anali ndi mphamvu anatenga ana n'kuthawira kuphiri, ndipo Mwandida anapita nawo. A Kamphinda anatsala.

Anaphikira odwala phala. Anawatungira madzi. Wina akamwalira, ankamukulunga mumphasa, n'kumubereka kumsana, n'kukamuika okha. Anaika apongozi awo. Anaika mkazi wawo. Anaika ana a eni. Nthomba itatsala pang'ono kutha, inawatenga iwonso. Anthu potsika kuphiri anawapeza pakhonde atauma kale, ndipo anawaika mwachangu kunja kwa manda, patsinde pa chulu, popeza m'katimo munali mwa eni mudzi.

Zaka zinapita. Minda inaguga. Mudzi unagwirizana zosamuka.

Mwandida anapita kwa atsibweni ake, a Mkanthama, mlongo wa amayi ake, amene anali mwinimbumba.

"Zikomo, atsibweni."

"Fika, Mwandida. Chimera chauma?"

"Chauma. Koma ine ndadzera abambo anga. Kodi nawonso muwatchula?"

A Mkanthama anayang'ana pansi. Sanali munthu wouma mtima ayi. Ndi iwo amene anapulumutsa ana kuphiri chaka chija.

"Mwanawe, alamu anga aja ndinkadya nawo m'mbale imodzi. Amayi anga anawaika ndi iwo. Ukuyesa ndaiwala? Koma ndikawatchula, ndawanyamula. Ndikawanyamula, a ku Mlombwa adzati taba mzimu wa mwana wawo. Mlandu umenewo ndi woposa kuba ng'ombe."

"Nanga a ku Mlombwawo amawatchula?"

"Ayenera kuti amatero. Ndi wawo."

"Ayenera?"

"Ayenera."

Mwandida anatuluka mtima uli zii. Anatenga tsache n'kupita kuchulu kuja kuti akasese ndi kutsazika. Atafika anapeza dothi latsopano litatumphuka pamwamba penipeni pa mtumbira.

"Iwe Mfuko!" anakalipa. "Mbatata wandithera kumunda, lero wafika pa abambo anga?"

Mfuko anatulutsa mphuno.

"Pepani, mayi. Njira yanga imadutsa pano. Kumanda kuja onse ndi ogona, ena mpaka mkonono. Koma awa sagona. Ali chikhalire, nkhope kutsidya."

"Akudikira chiyani?"

"Ine maso ndilibe, ndimangomva. Ndikadutsa amandifunsa funso limodzi lokha: 'Mfuko, kwathu anamva?' Ine ndimati, 'Bambo, mtsinje ine sindiwoloka.' Mawa lake afunsanso."

Atatero, Mfuko anabwerera pansi.

Mwandida anataya tsache. Anathamanga ngati mtsikana mpaka pakhomo pa a Mkanthama, zikomo osanena.

"Atsibweni, anakanena maliro ku Mlombwa ndani?"

Pano ndifotokozenso pang'ono. Mkamwini akamwalira, uthenga supita ndi aliyense. Amapita nawo ndi nkhoswe, munthu amene anaimira ukwatiwo kuyambira pachiyambi, ndipo amanyamula nkhuku. Ndi ntchito yake, wina sangailande.

"Anapita ankhoswe," anatero a Mkanthama.

"Ankhoswe anali yani?"

"A Gwirize."

A Gwirize anali mmodzi mwa anthu amene a Kamphinda anabereka kumsana.

A Mkanthama anagwira pakamwa. Panalibe amene anakana kupita. Panalibe amene anabisa. Aliyense ankayesa kuti uthenga unapita ndi mwini ntchito, ndipo pa chipwirikiti cha maliro ochuluka chotero panalibe amene anakumbuka kuti mwini ntchitoyo ali m'manda. Pamene a ku Mlombwa sanabwere kudzalira, a ku Kanyerere anati atinyoza, n'kuleka kuponda njira imeneyo.

"Miyendo yanga singakwere mapiri aja," anatero a Mkanthama. "Lero nkhoswe ndiwe. Gwira nkhuku. Koma fulumira, mowa wayamba kale, ndipo ukapsa sudikira munthu."

Mwandida anagwira nkhuku, ulendo.

Anayenda, anayenda. Anawoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, nkhuku ili pamutu. Anayenda, anayenda. Anakwera mapiri, anatsika mapiri. Anafika ku Mlombwa.

"Abale a Kamphinda ali kuti?" anafunsa amayi pachitsime.

"Kamphinda? Sitimudziwa."

"Abale a Kamphinda ali kuti?" anafunsa abambo osema mipini.

"Dzinalo tinalimvapo. Kafunseni a Nachisale, nyumba yomaliza ija. Koma mukasamale, pakamwa pawo ndi pa tsabola."

Anawapeza pabwalo akusenda mtedza, nkhalamba yowonda, maso otuwa. Ameneyu ndiye anali mlongo wa a Kamphinda. Mwandida sanafike pafupi. Anakhala pansi kumapeto kwa bwalo, miyendo atatambasula, nkhuku patsogolo, moni osapereka, monga amachitira onena maliro.

"Ndani uyo wakhala ngati chitsa?" anafunsa a Nachisale. "Ngati wadzasinthanitsa nkhuku ndi mtedza, bwerera. Kulira kwake kokha ndamva kuti ndi yowonda."

"Ndachokera ku Kanyerere, azakhali. Ndine mwana wa a Kamphinda."

"Kamphinda! Wonyada uja? Mkazi anamudyetsa chiyani kuti aiwale mlongo wake? Amayi anapita akumutchula, iye osaoneka. Ine ndakwatiwa, ndabereka, ndakalamba, iye osaoneka. Ukamuuze kuti akadzabwera, mtedza uwu sadzalawa ngakhale umodzi. Ukamuuze kuti..."

Nkhalamba inasuzumira. Inaona nkhuku ija. Inaona kakhalidwe ka mlendo.

Musaganize kuti a ku Mlombwa anali opusa. Zaka zitachuluka, mumtima ankakayika. Koma munthu amene maliro ake sananenedwe salirika. Kulira munthu amene mwina ali moyo n'kumulodza. Choncho pa mowa wa akufa ankadumpha dzina lake, ndipo a Nachisale ankasankha kukwiya m'malo molira, chifukwa wokwiyiridwa amakhala ali moyo.

Mwandida anawerama.

"Azakhali, kwathu kwagwa zovuta. Mlongo wanu watisiya."

"Liti?"

"Chaka cha nthomba."

"Chaka cha nthomba," anabwereza a Nachisale pang'onopang'ono. "Ndinali ndi mwana kumsana. Mwanayo lero ali ndi ana akuluakulu." Anakankha lichero. "Anapita bwanji?"

Mwandida anafotokoza zonse. Za minga panjira. Za phala. Za mphasa. Za msana umene unanyamula mudzi. Za chulu.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero a Nachisale, "ndakhala ndikutukwana munthu wakufa."

Anaika manja kumutu, n'kuyamba.

"Mlongo wanga ine! Mlongo wanga ine, mayo!"

Amayi anasiya mitsuko pachitsime. Abambo anasiya mipini. "Wamwalira ndani?" "Kamphinda." "Liti?" "Kale." Ndipo mudzi wonse unakhala pansi n'kulira munthu amene ambiri sanamuonepo, ngati wamwalira m'mawa womwewo.

Kutacha, anyamata, zidzukulu za gogoyo, anadula mitengo, anamanga machira, n'kuwanyamula. Anakwera mapiri, anatsika mapiri. Anawoloka mtsinje. Pofika ku Kanyerere anapeza mowa utapsa, anthu ali kale kumanda, a Mkanthama ali pakati potchula.

"Nasimango, amene ankaumba mitsuko yosadontha, ndipo ankakangana ndi mbuzi zake ngati anthu. Anapita ndi chifuwa. Nyamuka, tiye."

"Tiye," anavomera onse.

"Kadzamira, amene anagwa mumtengo wa masuku ali ndi imvi, n'kuuza ana kuti amangotsika. Anapita ndi ukalamba. Nyamuka, tiye."

"Tiye."

"Kamwana ka Nambewe, kamene kanaseka kamodzi kokha. Kanapita ndi malungo. Nyamuka, tiye."

"Tiye."

Anatchula, anatchula, mpaka onse anatha. M'chipanda munatsala mowa pang'ono. A Mkanthama anatembenuka, anaona machira, ndipo anatsogola kutuluka m'manda kupita kuchulu. Anthu onse anatsatira.

Anagwada pamaso pa a Nachisale.

"Mayi, tinachedwa ndi uthenga. Eni ake ndinu. Nayu mwana wanu, mutengeni."

A Nachisale anati awatsitse. Anakwawa mpaka pamtumbira, n'kuusisita ndi chikhatho.

"Kamphinda, ndine. Tamva."

Kenaka anayang'ana anthu.

"Inu mumamudziwa ali ndi ndevu. Ine ndimamudziwa ali ndi mamina. Ameneyu ankaopa achule. Ankati akaona chule pachitsime, madzi ndikatunge ndine. Ankaba uchi wa atate n'kunamizira chiuli, milomo ikunyezimira. Ndipo ankaopa maliro! Kukagwa maliro m'mudzi ankabisala m'nkhokwe mpaka anthu atabwerako kumanda."

Anthu anaseka, misozi ili m'masaya. Mwandida anali asanamvepo zimenezi. Anazindikira kuti abambo ake, amene iye ankawayesa munthu wosadziwa mantha, anagwira ntchito yonse ija akuopa.

"Za ku ubwana ndanena," anatero a Nachisale. "Zotsala nenani inu."

Ndipo anthu anayamba okha, osaitanidwa. "Anaika amayi anga." "Anaika mphwanga." "Ine ndinatsala m'nyumba ndikudwala, phala lawo ndi limene linandidzutsa." Mawu anachokera uku ndi uku, mpaka dzuwa linapendeka.

A Nachisale anamvetsera onse. Pomaliza anati:

"Ku Mlombwa womudziwa ndatsala ndekha, ndipo ine ndili kale panjira. Ndikamutenga, adzaiwalika kawiri. Kuno khomo lililonse lili ndi wake amene anakwera pamsana pake. Apite nanu. Ndapereka ndine, mlongo wake, anthu akumva. Mlandu palibe."

A Mkanthama ananyamula chipanda, n'kuchipereka kwa Mwandida.

"Uthenga unapita ndi iwe. Tchula."

Mwandida anathira mowa pansi.

"Kamphinda, wa ku Mlombwa ndi wa ku Kanyerere. Ankaopa achule, ankaba uchi, anabereka mudzi kumsana. Anapita ndi nthomba. Abambo, nyamukani, tiyeni."

"Tiyeni!" unavomera mudzi wonse, ndipo a ku Mlombwa anavomera nawo.

M'mawa mwake anthu anasenza katundu. Mwandida anasenza mtondo wake, n'kuyenda kumbuyo kwa onse, pang'onopang'ono, monga amayendera munthu amene akuperekeza wamkulu.

Mwamva, inu? Imfa siitha tsiku loika. Imatha pamene onse oyenera kumva amva, oyenera kulira alira, ndipo odziwa chiyambi cha munthu akhala pamodzi ndi odziwa mapeto ake. Tsono m'mudzi mukagwa zovuta, musamati wina wapita kale kukanena. Funsani kuti wapita ndani, mumutchule dzina, mumuone akunyamuka.

Ine ndafika nayo pamenepa, ndipo nthano yanga yathera pomwepo.