Sitika pa Injini ya Yotamu

Panali munthu wina wa kabaza, dzina lake Yotamu Kachingwe, amene ankanyamula anthu pa njinga yamoto yakalekale. Penti inali itasuluka, mpando anachita kuusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anzake pasiteji ankaitcha agogo. Koma Yotamu anali ndi chimene iwo analibe, mbiri yoti sagwa. Ndipo mbiriyo ankaikonda mopitirira muyezo.

Chifukwa cha mbiri imeneyo, mayi wina wogulitsa mazira, Nangozo, sankakwera njinga ina iliyonse. Tsiku la msika ankalambalala zonyezimira zonse n'kukaima pa yokalambayo. Mazira safuna liwiro, amafuna munthu wodekha. Amayi anzake ataona kumene Nangozo amakwera, nawonso anatsatira, moti banja la Yotamu linkadyera pa chikhulupiriro cha mayi ameneyu.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina kutagwa mvula, Yotamu akuwoloka dambo ali yekha, tayala linaterereka ndipo njinga inagwera pamwala. Iye anangosupuka bondo. Koma chivundikiro cha injini, chitsulo chija cha m'mbali, chinapindikira mkati ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe.

Asanaone n'komwe bondo lake, Yotamu anayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu. Mtima unakhala pansi.

Anagula fila, phala lija amamatira magalimoto ophwanyika, nadzaza pa dzenjepo mpaka panasalala. Pamwamba anamatapo sitika yolembedwa kuti "Zonse Ndi Nthawi." Anzake anayamikira kuti agogo atchena. Yotamu anaseka nawo, ndipo anadziona wochenjera kwambiri.

Koma chitsulo chimene chalowa mkati sichimva za sitika. Mkatimo chinkakhulana ndi chinzake chimene chimazungulira, ndipo injini inayamba kulira kwee, kwee.

"Kodi chikulirachi n'chiyani, a Kachingwe?" anafunsa Nangozo ali kumbuyo, mathireyi a mazira ali pamiyendo.

"Ukalamba, mayi. Agogo akutsokomola."

Sabata yotsatira njinga inadzidzimuka pachitunda, n'kuzima, ndipo mazira angapo anasweka. Nangozo anapukuta chitenje chake mwakachetechete. Kukhala chete kumeneko kunamuopsa Yotamu kuposa kukalipa.

Anapita kwa makaniko wina, a Sumani, amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi siteji yomwe ija. Anawanong'oneza kuti athetse phokosolo, koma chivundikiro asachikhudze.

A Sumani anagogoda pa sitikapo ndi chala, namva kuti sipakulira ngati chitsulo.

"Achimwene, ichi chinalowa pochimenya kunja. Kuti chituluke, tichimenye mkati. Ndiye tichimasule, fila yense achoke. Njira ina ine sindiidziwa."

Yotamu anatembenuka. Anzake anali tsidya la msewu, atakhala pa njinga zawo, alibe chochita koma kuonerera. Akanatha kupita kwa makaniko wakutali, kumene samudziwa, n'kubwerako ndi sitika yatsopano. Anaima nthawi yaitali, manyazi akumuotcha kumaso. Koma anali atatopa ndi kumvetsera injini yake ngati munthu amene akudikira uthenga wa maliro.

Anawerama, nalowetsa chikhadabo pansi pa sitika, naimatula. Kenako anatenga sipanala n'kumasula chivundikiro yekha.

Tsidya lija kunaphulika phwete. "Aa! Sagwa uja anagwa!" Yotamu sanadzutse mutu.

A Sumani anapala fila yense mpaka dzenje linaonekera poyera. Chitsulo cha mtundu umenewu chikamenyedwa chozizira chimang'aluka, choncho anayamba achifunditsa pa mbaula. Chitafunda anachigoneka chafufumimba pa thumba la mchenga, nayamba kuchigogoda mkati ndi kamtengo, pang'onopang'ono. Sanachite mwaukali. Dzenje linatuluka, koma panatsala chipsera chimene aliyense akanachiona ali patali.

"Ndipakepo penti?" anafunsa a Sumani.

"Ayi. Pasiyeni choncho."

Tsiku la msika linafika. Yotamu anaimika njinga pamalo pake, chipsera chili kumsewu. Nangozo anatulukira ndi mazira ake pamutu. Anaima, nayang'ana injiniyo.

"Munagwa?"

"Ndinagwa, mayi. Padambo paja. Za ukalamba zija ndinakunamizani."

"Zoti munagwa ndinadziwa kale. Munkatsimphina, ndipo ine maso ndili nawo," anatero Nangozo. "Kugwa sikunandiopse, msewu uja tonse timaudziwa. Chinandiopsa n'chakuti njinga ikunena china, mwini wake akunena china. Lero ndinabwera kuti ndikwere ya wina. Tailizani ndimve."

Yotamu anaponda kiki. Injini inalira bwinobwino, mawu ake akale aja, popanda chokhula. Nangozo anamvetsera, khutu atapendeketsa. Kenako anatula mazira pamutu n'kumupatsira.

"Gwirani, ndikwere."

Yotamu analandira mazirawo ndi chimwemwe, nawagwira bwino kuti asagwe.

Tsono inu amene mukundimva, m'nyumba zathu timagwa. Wina walankhula mawu olasa, wina wachita chimene sanayenera, ndipo pamtima pa mnzake papindika. Nanga timatani? Timakasoketsa malaya a nsalu yofanana, n'kulowa m'tchalitchi titagwirana manja kuti anthu aziti banja ndi limeneli. Imeneyo ndi sitika, abale anga. Mkati mukukhulana, ndipo ana anu phokosolo akulimva. Mwabisa matenda, maliro tidzamva.

Masulani chivundikiro. Anthu aseka, inde, koma kuseka kwa anthu sikuchedwa kutha. Ndipo iwe amene mnzako wakutsegulira mtima wake, usathamangire nyundo. Yamba wamufunditsa ndi mawu abwino, kenako ugogode pang'onopang'ono, chifukwa mtima wozizira ukaumenya umang'aluka. Chipsera chidzatsala, musachite nacho manyazi. Amene amakukondani anaona kale kuti mukutsimphina, akungodikira kuti munene nokha.