Telala ndi Kope Lake la Mawu Aatali

Panali telala wina pakhonde la sitolo ku Mitundu, munthu amene sukulu anailekera mu Sitandade 6 koma Chingerezi sanachileke. Anali ndi mabuku asanu ndi awiri a nthano zakale za Azungu, opanda zikuto, omwe anawapulumutsa kwa mayi wina amene ankafuna kukulungiramo mandasi. Ntchito ikachepa, ankawerenga. Akakumana ndi liwu lalitali, ankalisaka m'dikishonale n'kulilemba m'kope pamodzi ndi tanthauzo lake. Zaka makumi awiri zinatha choncho. Kope linadzaza, koma woti n'kulankhula naye mawuwo analibe. Anzake ankamuseka kuti akuweta nkhunda zosadyedwa.

Tsono Ndaziona, mwana wa malemu mlongo wake, anapeza mwamuna wa ku Blantyre, ndipo telalayo, pokhala malume, ndiye anali nkhoswe. Kuchimuna kunali anthu ophunzira okhaokha: aphunzitsi, anamwino, wina loya. Telala anada nkhawa. Anaopa kuti anthu amenewa amuona Ndaziona ngati wamasiye wongotola kumudzi, wopanda womuimirira.

"Amalume, mudzangolankhula Chichewa basi," anatero Ndaziona.

"Taleka iwe mwana. Adziwe kuti kwanu kulinso anthu."

Mlungu wonse makina anagona. Telala anasankha mawu khumi ndi awiri, aatali kuposa onse, n'kuwalumikiza mosamala ngati akusoka suti.

Tsiku la chinkhoswe, ankhoswe asanapatsane tambala ndi msoti, iye anaimirira, anakonza jekete, n'kuyamba kuwerenga. Mawu anatuluka bwino ndithu, sanapunthwe ngakhale pa limodzi. Koma amayi a nthungululu anayang'anana, osadziwa poyambira. Loya uja anakanda kumutu. Mawuwo anali akalekale, oti ngakhale eni ake kwawoko anasiya kuwalankhula.

Telala anaponya maso kwa Ndaziona, n'kuona kuti wazolika, manyazi amugwira. Zinamupweteka kwambiri. Anabwera kudzamukweza mwanayo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo chabwino chake.

Pamenepo anatseka kope n'kuliika m'thumba.

"Pepani ankhoswe anzanga," anatero. "Ndakupatsani mtedza wamakoko. Ndiloleni ndiuswe. Liwu loyamba lija limanena munthu amene mavuto samupinda msana. Mwana uyu, mayi ake atadwala, anawasamalira zaka ziwiri uku akupita kusukulu, ndipo mayeso anakhoza. Lachiwiri limanena munthu wa mtima waukulu, wosasunga mangawa. Ena amene ankamunyoza ndi umasiye wake ali pompano lero, ndipo wawaitana ndi iye mwini."

Anapitiriza choncho, liwu ndi nkhani yake, liwu ndi nkhani yake. Pa liwu lachitatu nthungululu inaphulika. Pa lachisanu mayi a mnyamata anadzuka n'kukamukumbatira Ndaziona, misozi ili chuchuchu, akuti, "Mwana wanga, mwana wanga!" Pa lachisanu ndi chiwiri telala sanamvekenso, nyimbo zinamumeza. Chimwemwe chinamusefukira, moti anavula jekete n'kulowa m'bwalo, bambo amene anthu sanamuonepo akuvina chibadwire. Kavinidwe kake kanali koipa, kunena zoona, koma palibe anamuletsa.

Atatopa, loya uja anamugwira dzanja akuseka. "Ankhoswe, madigiri anga awiri lero agona ndi njala. Pa mawu anu aja ndinagwirapo atatu okha. Koma mpongozi wathuyu tamudziwa, ndipo tamukonda."

Inu amene mukundimvera, mabuku akale muziwerenga, ndipo mawu aakulu muziwatola ndithu. Ndiwo anamutsegula maso telala kuti aone ndi kutchula zimene zinali mwa mwana wa mlongo wake, zomwe ena ankangozipenya n'kudutsa. Koma tsiku limene mudzaimirire kulankhulira munthu, musamadzifunse kuti anthu akuonani bwanji. Muyang'ane amene mukumulankhulirayo. Ngati wazolika, tsekani kope, munene zoti aliyense amve, mpaka adzutse mutu.